Masamu ndi umbanda: mwana wanu akufuna kuphunzira chiyani kwenikweni?

Mayi wina watilembera motere: "Mwana wanga wamkazi akumaliza sekondale. Masamu amakhoza kwambiri, koma tsopano akuti akufuna kuphunzira za umbanda ndi chitetezo pogwiritsa ntchito masamuwo. Ine sindikumvetsa. Kodi akufuna kulowa upolisi? Nanga masamu akugwirizana pati ndi mbava? Ndikuopa kuti titaya ndalama pa maphunziro opanda ntchito."

Mayi, khazikitsani mtima pansi. Mwana wanuyo sakulota. Ntchito akuinenayo ilipo, ndipo si yothamangitsana ndi mbava usiku. Ambiri amene amaigwira amatandala pa kompyuta akusanthula ziwerengero ndi mapu, ndipo ena mwa iwo yunifolomu sanaivalepo.

Si ntchito ya dzulo. Mu 1827 boma la France linayamba kusindikiza ziwerengero za milandu ya m'makhoti chaka ndi chaka. Adolphe Quetelet wa ku Belgium, katswiri wa masamu ndi zakuthambo, komanso loya wina wa ku France, André-Michel Guerry, atazifatsira m'zaka za m'ma 1830, anaona kuti chiwerengero cha milandu sichinkasintha kwambiri kuchoka chaka china kufika china. Munthu mmodzi simungamudziwe chimene achite mawa, koma anthu akakhala mamiliyoni, zochita zawo zimayamba kuonetsa ndondomeko. Pamenepo ndi pamene masamu amalowera.

Ndikupatseni zitsanzo zimene aliyense wophunzira zimenezi amakumana nazo. Ku Kansas City ku America, mu 1972 ndi 1973, apolisi anayesa kuchulukitsa magalimoto ongozungulira m'madera ena, n'kuwachotsa m'madera ena. Atawerenga, umbanda sunasiyane kwenikweni. Zinali zokhumudwitsa kwa akuluakulu a polisi, chifukwa kuzungulira m'misewu kunkatengedwa ngati msana wa ntchito yawo. Kenaka mu 1989 Lawrence Sherman ndi anzake anasanthula mafoni oposa 300,000 oitana apolisi mumzinda wa Minneapolis m'chaka chimodzi. Anapeza kuti theka la mafoni onsewo linachokera ku malo 3 okha pa malo 100 alionse. Umbanda sumwazikana mumzinda monse mofanana; umaunjikana pa mphambano zochepa, pa nyumba zochepa, pa timisewu tochepa. Sherman ndi David Weisburd atasankha malo 110 otere ku Minneapolis komweko, n'kuwagawa mwamaere kuti theka lilandire apolisi ochuluka ndipo theka lina likhale monga kale, milandu ndi chisokonezo zinatsika kumene apolisi anaonjezedwa. Onani kuti anagawa mwamaere, monga achitira poyesa mankhwala atsopano. Popanda kutero, munthu sangadziwe ngati kutsikako kwabwera ndi apolisi kapena kunali kubwera kale kokha.

Pa zachitetezo pali nkhani ina. Mu 2007 bwalo la ndege la Los Angeles linayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa ARMOR, imene Milind Tambe ndi ophunzira ake ku University of Southern California anakonza. Vuto lake linali ili: alonda ndi agalu ndi ochepa, misewu ndi makomo n'zambiri, ndipo chigawenga chimayamba chaonerera kaye kuti alonda amaima pati, nthawi yanji. Munthu akamakonza ndandanda ya ulonda amabwereza zomwezomwezo osadziwa. Masamu a game theory, amene amathandiza kusankha chochita poganizira mmene mdani angayankhire, amasakaniza ndandandayo kuti isadziwike, koma malo ofunika kwambiri n'kumalonderedwa kawirikawiri kuposa ena. Maganizo omwewo anadzafika ku nkhalango zotetezedwa ku Uganda ndi ku Cambodia, kuthandiza alonda a nyama kusankha koyenda posaka misampha.

Tsopano ndifike pamene ndikufuna kuti inu ndi mwana wanu mumvetsetse, chifukwa apa ndi pamene wodziwa ntchito amasiyanirana ndi wongodziwa kuwerengera.

Ofufuza anazindikira kalekale kuti nyumba ikathyoledwa, chiopsezo choti ithyoledwenso, kapena kuti ithyoledwe yoyandikana nayo, chimakwera kwa masabata angapo kenaka n'kutsika. Mbava imabwerera kumene yaona kuti kumalowereka. Mu 2011 George Mohler ndi anzake, kuphatikizapo Jeffrey Brantingham wa ku yunivesite ya UCLA ku Los Angeles, anaonetsa kuti khalidweli limalongosoleka ndi masamu amene akatswiri a zivomezi amagwiritsa ntchito powerengera tizivomezi totsatira chivomezi chachikulu. Masamu ake ndi okoma zedi, ndipo mwana wanu akadzawaona adzasangalala nawo. Kuchokera pamenepo kunabadwa pulogalamu ya PredPol, imene inkajambula timabokosi pa mapu, kabokosi kalikonse pafupifupi mamita 150 mbali iliyonse, n'kuuza apolisi kuti lero mukazungulire umu.

Koma pulogalamu yotere imaphunzira kuchokera ku kaundula wa apolisi, ndipo kaundula wa apolisi salemba umbanda wonse. Amalemba zimene anthu anakanena ku polisi, ndi zimene apolisi anaona kumene iwo anapita. Mu 2016 ofufuza awiri, Kristian Lum ndi William Isaac, anatenga masamu a pulogalamuyo n'kulowetsamo kaundula wa milandu ya mankhwala ozunguza bongo wa mumzinda wa Oakland. Kompyuta inkatumiza apolisi mobwerezabwereza kumadera a anthu osauka ndi akuda, pamene kafukufuku wa zaumoyo ankaonetsa kuti ogwiritsa ntchito mankhwalawo ali mumzinda monse. Apolisi akapita amagwira anthu, akagwira amalemba, kompyuta ikaona zolembedwazo imati pitaninso komweko. Masamu sanalakwe ngakhale pamodzi, chonsecho zotsatira zake n'zokhota. Mu 2020 apolisi a ku Los Angeles anasiya kugwiritsa ntchito PredPol, ndipo chaka chomwecho mzinda wa Santa Cruz, umene unali m'gulu la oyamba kuyesa njirayi, unailetseratu.

N'chifukwa chake funso loyamba la munthu wa ntchito iyi silikhala lakuti "ndigwiritse ntchito model (njira ya masamu) iti?" Limakhala lakuti "manambalawa analemba ndani, ndipo amene sanalembedwe ndi ati?" Milandu yogwiririra ndi ya nkhanza za m'banja yambiri sifika ku polisi. Chiwerengero chake chikakwera, mwina nkhanza zachuluka, mwinanso anthu ayamba kukhulupirira apolisi n'kumakanena. Mayiko ena amazemba vutoli pofunsa anthu m'makomo mwawo ngati anachitidwapo chipongwe, kaya anakanena kaya ayi. America yakhala ikuchita kafukufuku wotere kuyambira 1973, England ndi Wales kuyambira 1982.

Masamu amathanso kuwerenga anthu amene sakuoneka. Tiyerekeze kuti apolisi ali ndi mayina 200 a anthu ozembetsedwa, bungwe lina lothandiza lili ndi mayina 150, ndipo mayina 30 akupezeka m'mindandanda yonse iwiri. Pa anthu 150 a bungwe aja, apolisi akudziwapo 30, kutanthauza mmodzi pa asanu alionse. Ngati apolisi amapeza mmodzi pa asanu, ndiye kuti 200 awo aja akuimira anthu pafupifupi 1,000. Njirayi inayambira kwa owerenga nsomba ndi nyama zakutchire, ndipo imagwira bwino pokhapokha ngati kupezeka pa mndandanda wina sikukukokera munthu pa mndandanda winawo, chinthu chimene kawirikawiri sichikhala choncho, ndiye pamafunika masamu oonjezera. Mu 2014 Bernard Silverman anaigwiritsa ntchito ku UK: odziwika anali osakwana 3,000, koma iye anawerengera kuti anthu amene ali mu ukapolo wamakono m'dzikomo ali pakati pa 10,000 ndi 13,000.

Ndipo manambala akagwiritsidwa ntchito molakwika, wovulala ndi munthu. Mu 1999 Sally Clark, loya wa ku England amene ana ake awiri anamwalira ali makhanda, anamangidwa pa mlandu wowapha. Dokotala wina anauza khoti kuti ana awiri kufa mwadzidzidzi chonchi m'banja ngati limenelo kumachitika kamodzi pa 73 miliyoni. Nambalayo anaipeza pochulukitsa chiopsezo cha imfa imodzi ndi chiopsezo chomwecho, ngati kuti imfa ziwiri za m'banja limodzi sizingakhale ndi gwero limodzi, monga matenda akumtundu. Bungwe la akatswiri a ziwerengero ku UK, Royal Statistical Society, linadzudzula nambalayo poyera mu 2001. Mayiyo anatulutsidwa mu 2003 zitadziwika kuti zotsatira zina za kuchipatala sizinaperekedwe kukhoti, ndipo oweruza a apilo anaidzudzulanso nambalayo. Anamwalira mu 2007.

Nanga aphunzire chiyani? Langizo langa ndi ili, ndipo aphungu ena angatsutse: digiri yoyamba ikhale ya masamu, statistics, sayansi ya kompyuta, kapena economics yokhala ndi masamu ambiri. Za umbanda adzazilowe mozama pa masitazi. Ndili ndi zifukwa ziwiri. Wodziwa masamu amatha kuwerenga criminology (maphunziro a za umbanda) n'kuigwira m'chaka chimodzi kapena ziwiri, pamene wochita criminology yopanda masamu akafuna kuyamba calculus ndi probability atakula, amavutika kwambiri. Chachiwiri chikukhudza nkhawa yanu ija: mtima ukadzasintha, digiri ya statistics idzamulowetsa ku banki, ku zaumoyo, ku ulimi, kulikonse kumene kuli manambala.

M'digirimo asazembe probability, statistics, calculus ndi linear algebra. Aphunzire kulemba mapulogalamu mu R kapena Python, kukoka data ndi SQL, ndi kujambula mapu ndi QGIS. R, Python ndi QGIS n'zaulere, ndipo angayambe ngakhale asanalowe yunivesite. Akapatsidwa mwayi wosankha maphunziro apadera, atenge a zamalamulo kapena sociology, kuti adziwe mmene mlandu umayendera kuchoka pa tebulo la wapolisi kufika kukhoti. Kulemba asakunyoze. Mkulu wa polisi kapena bwana wa ku banki sadzawerenga ma equation. Adzafuna tsamba limodzi lomveka.

Malo odziwika pa maphunziro apamwamba ndi monga Jill Dando Institute ku University College London, imene inakhazikitsidwa mu 2001, ndi Institute of Criminology ku Cambridge, ya mu 1959. Koma musathamangire mayina. Posankha kosi iliyonse, pemphani ndandanda ya maphunziro ake muwerenge kuti muli statistics yochuluka bwanji. Kosi yokhala ndi dzina lokopa la chitetezo koma phunziro la manambala lili limodzi lokha, siimene mwana wanu akufuna.

Za ntchito ndisakunamizeni. Mipando ya osanthula umbanda m'mapolisi ilipo, koma m'mayiko ambiri ndi yochepa. Ochuluka amalembedwa ndi mabanki ndi makampani otumiza ndalama pa foni kuti azigwira chinyengo ndi ndalama zobwera mwachinyengo, makampani a inshuwalansi, mabungwe otolera msonkho ndi olimbana ndi katangale, maofesi a boma a ziwerengero, ndi makampani oteteza makompyuta. Ena amapita ku mabungwe a mayiko onse monga UNODC, nthambi ya United Nations yolimbana ndi umbanda ndi mankhwala ozunguza bongo, ku Vienna, ena amakhala ofufuza pa yunivesite, kumene PhD imafunika. Adziwenso kuti nthawi yambiri imathera pa kukonza data: tsiku lolembedwa molakwika, msewu umodzi wolembedwa m'njira zinayi, mlandu umodzi wolowetsedwa kawiri. Ndipo nthawi zina adzawerenga malipoti a kuphana ndi kugwiririra kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Si aliyense amene mtima wake umapirira zimenezo. Olemba ntchito ambiri m'gawoli amafufuzanso mbiri ya munthu asanamupatse zinsinsi, choncho adzisunge.

Ndipo iwe mwanawe, ngati mayi akupatsa kuti uwerenge, tenga pepala. Pabwalo la ndege padutsa anthu 100,000, ndipo 100 mwa iwo anyamula katundu woletsedwa. Makina ofufuzira amalondola ka 99 pa 100: amagwira 99 pa olakwa 100 alionse, ndipo amalira molakwika pa munthu mmodzi yekha pa osalakwa 100 alionse. Makina alira pa munthu wina. Kodi munthuyo ndi wolakwa? Ambiri amayankha kuti inde, 99 peresenti. Werengera bwino. Pa olakwa 100, makina alira pa 99. Pa osalakwa 99,900, alira pa 999. Onse pamodzi ndi 1,098, ndipo olakwa enieni ndi 99 okha, pafupifupi 9 pa 100 alionse. Anthu oposa 90 pa 100 alionse amene aimitsidwa ndi osalakwa, ngakhale makinawo ndi abwino.

Ngati funso limeneli lakusangalatsa, n'kuyamba kudzifunsa kuti nanga olakwa atakhala 1,000 zingasinthe bwanji, ndiye kuti uli pa njira yako. Chotsatira, pita pa intaneti. Mzinda wa Chicago umaika poyera kaundula wa milandu yake ya kuyambira 2001, ndipo apolisi a ku England ndi Wales amaikanso wawo mwezi ndi mwezi. Tenga mtundu umodzi wa mlandu, monga kuba magalimoto, uwerenge kuti umachitika kwambiri mwezi uti, nthawi yanji, dera liti, ndipo powerengera madera ugawe ndi chiwerengero cha anthu okhalamo kuti dera lalikulu lisaoneke loipa chifukwa cha kukula kokha. Ulembe masamba awiri a zimene wapeza, ndi ndime imodzi ya zimene kaundulayo sangakuuze. Uzisunge, udzazionetsa pofunsira malo kapena thandizo la fizi.