Funsani Azakhali: Kusukulu Akufuna Dzungu Lokongoletsa

Azakhali, ndili ku Leicester, chaka changa choyamba kuno ku Mangalande. Mwana wanga wa zaka 7 wabwera ndi kalata yakusukulu yoti mwezi uno wa Okutobala aliyense apite ndi dzungu lokongoletsa. Ine kwathu ku Dedza dzungu timaphika basi. Kodi kumeneku si kuseweretsa chakudya? Komanso m'mashopu ndaona maungu osemedwa nkhope zoopsa, ndipo mtima wanga sukukondwa nazo. Koma sindikufuna kuti mwana akakhale chimanjamanja pakati pa anzake. Nditani?
Mayi wa ana awiri, Leicester

Zikomo mayi. Kalata yanu yandikumbutsa chaka chimene ndinakakhala kwa mwana wanga ku Manchester. Tsiku lina ndinapeza maungu ataunjikidwa pakhomo pa shopu ngati pamsika wa Lizulu nthawi ya masika, mtima unangoti myaa, ndinasankha lalikulu n'kukaliphika. Linali madzi okhaokha, lopanda ufa, lopanda kutsekemera. Mdzukulu wanga ndiye anandiuza kuti akuluakulu achikasu aja amawalimira kusema. Kudyeka amadyeka, koma si aja timawadziwa ife.

Muyambe mwadziwa kuti pali zinthu ziwiri zimene zangokumana mwezi umodzi. Kumeneko kuyambira Seputembala mpaka Novembala ndi nthawi yokolola, masamba a mitengo amafiira n'kuyoyoka, ndipo matchalitchi ndi masukulu ambiri amachita mwambo wothokoza chifukwa cha zokolola, umene amautcha Harvest Festival. Ndi zija timachita ife kutchalitchi pobwera ndi masika. Dzungu likaikidwa pathebulo nthawi imeneyi limangonena kuti chaka chabereka. Nkhope zoopsa zija ndi za Halloween, usiku wa pa 31 Okutobala. Mwambo wosemawo unachokera ku Ireland, kumene kale ankasema mizu yotchedwa turnip n'kuikamo moto. Anthu a kumeneko atasamukira ku America m'zaka za m'ma 1800 anapeza kuti dzungu n'lofewa kusema, ndiye linalowa m'malo. Ngati zimenezo mtima wanu ukuzikana, zisiyeni. Kalata yanena dzungu lokongoletsa, sinanene nkhope.

Ine malangizo anga ndi akuti musaliboole n'komwe. Gulani laling'ono, loti mwana anyamule ndi manja ake, kapena la mtundu wa butternut limene ndi lokoma kudya. Ligogodeni ngati mukusankha chivwende, lionetsetseni kuti lilibe bala kapena pofewa, ndipo phesi lake likhale louma ndi lolimba. Musalinyamulire kuphesiko, likathyoka dzungu limayambira pomwepo kuwola. Kunyumba litsukeni, mulipukute liume bwinobwino.

Kenako tengani mwanayo mupite naye kupaki mukatole masamba ogwa, ofiira ndi achikasu omwe. Apa musathamange, chifukwa kwa mwana kutolako ndiye theka la chisangalalo. Sankhani amene sanaume n'kuyamba kufumbutuka. Muwaike pakati pa nyuzipepala, pamwamba mutsamiritse buku lolemera, agone masiku atatu kapena anayi kuti aphwaphwatike. Zomatira musagule. Phikani kaphala kopyapyala ka fulawa ndi madzi, kazizire, mwana azipaka ndi chala kumsana kwa tsamba n'kumamata padzungupo. Akamaliza muliike pouma usiku umodzi.

Chimene ndinachikonda kwambiri ndi chimene tinachita ndi mdzukulu wanga uja. Ndinali ndi chitenje chakale chong'ambika m'mphepete. Tinachidula timizere topyapyala, tinakulunga kuchokera kuphesi kutsika m'mizere ya dzungu ija, kudutsa pansi, kukweranso mbali inayo, mpaka dzungu lonse linavala. Pamwamba tinamanga mfundo ndi kachingwe. Palibe mpeni umene unakhudza dzungulo, ndipo aphunzitsi atafunsa za nsaluyo mwana anapeza poyambira kufotokoza za kwawo kwa agogo ake. Kukongoletsa zotere si kwachilendo kwa ife. Amayi anga ankalemba zipanda ndi waya wamoto, n'kuzimangira mikanda m'khosi.

Dzungu losaboola limakhala milungu ingapo, bola likhale pozizira. Nyumba za kumeneko mumayatsa hita nthawi ino, ndiye musaliike pafupi nayo. Likabwera kusukulu, vulani nsalu ija, tsukani masamba ndi phala lija, sendani khungu, phikani. Ndicho chifukwa chake sindikonda penti ndi tonyezimira tija, chifukwa zikakhudza dzungu mtima sumafunanso kulidya.

Mwina mwana adzaumirira kuti anzake onse akusema. Zikatero musamukanize mwaukali. Mutha kusema nyenyezi, mwezi, kanyumba kapena chilembo choyamba cha dzina lake. Iye ajambule ndi cholembera, mpeni mugwire ndinu. Dulani pansi m'malo mwa pamwamba kuti phesi litsale, mukokote zam'kati ndi supuni, ndipo khomalo mulipale lipyapyale kuti mpeni usavutike. Ngakhale kungoboola timabowo tambirimbiri ndi msomali waukulu kumakongola kwabasi kuwala kukamatulukira m'menemo. Koma semani kutatsala tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa losema silifika patali, pakatha masiku ochepa limafota n'kuchita nkhungu. M'katimo musaikemo kandulo. Gulani tinyali tabatire tija, n'totchipa, ndipo nsalu za ana sizichedwa kugwira moto.

Chinanso chimene ine palibe anandiuza: mukaika dzungu loyaka pakhomo kapena pawindo usiku wa pa 31, ana a m'deralo amadziwa kuti nyumba imeneyo akhoza kugogoda kupempha maswiti. Ngati simukufuna alendo otere, likhale m'kati, makatani mutseke.

Za kuseweretsa chakudya mwanena zoona, ndipo inenso zinandiwawa kuona maungu m'mabini kumayambiriro kwa Novembala. Kwathu dzungu timalidya kuyambira ku nkhwani, chiluwe, mpaka nthanga. Ndiye nthangazo musataye. Zitsukeni, ziume, muziwaze mchere n'kukazinga m'chiwaya monga timachitira kwathu, mwana adye akuona kuti zachokera m'dzungu lake lomwelo. Zimene mwapala m'khoma muja ndi zidutswa zimene mwadula, phikani tsiku lomwelo musanaliike panja. Chigoba chikafota, chiponyeni m'bini ya zakudya zotsala kapena pa manyowa ngati muli ndi kadimba. Musakachisiye kupaki kapena m'nkhalango poganiza kuti mukudyetsa nyama, chifukwa tinyama taminga tija amati hedgehog tikadya dzungu timatsegula m'mimba, pamene ino ndi nthawi yoti tinenepe tisanagone m'nyengo yozizira.