Ma probiotic ndi matenda otupitsa matumbo

Achemwali, mwafunsa ngati mwana wanu, amene madokotala adampeza ndi ulcerative colitis, matenda otupitsa matumbo aakulu n'kuwachititsa zilonda, angasiye mankhwala ake a mesalazine n'kumamwa ma probiotic, mabakiteriya amoyo omwe amati amathandiza m'mimba, monga anzanu akukuuzirani. Chonde asasiye.

Anthu amangoti probiotic ngati ndi chinthu chimodzi, chonsecho mabakiteriyawa alipo mitundumitundu, ndipo yomwe idayesedwa bwino ndi yowerengeka. Wotchuka ndi E. coli Nissle 1917. Dokotala wa ku Germany, Alfred Nissle, adaupeza m'chimbudzi cha msilikali amene sankatsegula m'mimba pamene anzake ankagwa ndi kamwazi pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Pa kafukufuku amene adatuluka mu 2004, odwala 327 omwe matenda awo anali atazizira adawagawa pawiri kwa chaka chathunthu. Matenda adabwereranso mwa anthu 36 pa 100 aliwonse omwa Nissle, ndi 34 pa 100 omwa mesalazine. Kusiyana kwake kunali kochepa ndithu. Komatu apa ankaona zoletsa matenda kubwerera, osati kuchiza munthu amene akuchita chimbudzi chamagazi panopa.

Kumene zidaoneka bwino kwambiri ndi kwa odwala amene adawachotsa matumbo aakulu n'kuwasokera kathumba m'kati, komwe nako nthawi zina kamatupa. Ku Bologna, ku Italy, mu 2000, mwa anthu 20 omwa VSL#3, msakanizo wa mabakiteriya a mitundu 8, atatu okha ndiwo adadwalanso m'miyezi 9. Anzawo 20 omwa mankhwala ongoyerekezera adadwalanso onse. Anthuwo anali ochepa, komabe zotsatirazo si zamasewera.

Pa matenda a Crohn's, omwe ndi mtundu wina wa matenda otupitsa matumbo, palibe phindu lomwe lidaoneka. Mu 2020 bungwe la American Gastroenterological Association lidati pa Crohn's ndi ulcerative colitis yomwe, ma probiotic aziperekedwa pochita kafukufuku basi.

Yogati, chambiko kapena thobwa, ngati sizikumupweteka m'mimba, mpatseni ngati chakudya, koma Nissle mulibe m'menemo. Nawo makapisozi a m'famase, werengani pabotolo dzina lenileni la mabakiteriyawo, chifukwa ambiri sadayesedwepo pa matendawa. Ngati akumwanso prednisolone kapena azathioprine, chitetezo cha m'thupi chimakhala chotsika, ndiye asayambe chilichonse dokotala wake asanavomere. Ndipo magazi akayambanso kuoneka, akayezetse chimbudzi msanga, poti kwathu kuno amoeba ndi likodzo nazo zimatulutsa magazi chimodzimodzi.