Za mapiri a ku Interlaken: Hardergrat isiyeni, pitani ku Niederhorn

Achimwene, funso lanu ndaliona. Mukuti mu July mukuchoka ku Manchester kupita ku Interlaken, ku Switzerland, masiku 4, inuyo, alamu ndi mwana wa zaka 10, ndiye mukufuna kudziwa phiri loti mukwere, kogona, komanso ngati Jungfraujoch, siteshoni ya sitima ya pamwamba pa mapiri a chipale, ikuyenera ndalama zimene amatchulazo. Za kogona anzathu akupatsani kale mayina okwanira. Ine ndikamba za mapiri basi. Ndimakhala ku Bern, pa sitima sipakwana ndi ola kufika pa siteshoni ya Interlaken Ost, ndipo nyengo yotentha iliyonse mawondo anga amakathera kumeneko.

Ndiyambe ndi m'bale wathu amene wakuuzani kuti musabwerere osayenda pa Hardergrat uja. Pepani kunena, koma ndikukayika ngati phazi lake linapondapo. Zimenezo ndi za pa TikTok. Hardergrat ndi msana wa phiri umene uli kumpoto kwa nyanja ya Brienz, kuyambira pa Harder Kulm, pamwamba penipeni pa tauni ya Interlaken, mpaka kukafika ku Brienzer Rothorn. Ndi makilomita oposa 20, kukwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ndipo anyamata olimba amene amathamanga m'mapiri tsiku ndi tsiku ndi amene amaumaliza dzuwa lisanalowe. Munthu wamba maola 10 samukwanira. Malo ena kanjirako n'kochepa ngati mzere wa m'munda, uku phompho uku phompho, ndipo chimene chili m'mbalimo si miyala yoti mungagwire, ndi udzu wokhawokha pamalo otsetsereka. Mukangodutsa nsonga yotchedwa Augstmatthorn, mbali yaikulu si njira yokonzedwa kapena yoikidwa zizindikiro. Anthu amafa kumeneko. Mwana wa zaka 10 ndiye musaganize n'komwe.

Ineyo ndinangolawa chiyambi chake chokha, ndipo mpaka lero ndikakumbukira m'mimba mumachita kuti myuu. Inali August, ndinali ndi mnzanga wa kuntchito. Tinakwera kasitima kokokedwa ndi chingwe kufika pa Harder Kulm, mamita 1,322, n'kutaya nthawi pa kamlatho kamene kamaonetsa nyanja zonse ziwiri, ya Thun ndi ya Brienz. Kujambula, kumwa khofi, kujambulanso. Tinayamba kuyenda cha m'ma 11 koloko, ine nditavala nsapato zothamangira, botolo la madzi limodzi m'chikwama. Cholinga chinali Augstmatthorn, mamita 2,137. Maola oyambirira mumangoyenda m'nkhalango, mizu ndi matope, nyanja kuioneka mwa apo ndi apo, moti mumayamba kudzifunsa kuti kodi zoopsa amanenazo zili kuti. Zimayambira pa nsonga yotchedwa Suggiture. Pamenepo njira imaimirira, mumakwera ndi manja omwe.

Titayandikira pamwamba cha m'ma 4 koloko, kumwamba kunasintha nthawi imodzi. Dzuwa lija zii, mphepo yozizira, kenako bingu. Mvula siinali yambiri, mwina mphindi 20, koma inakwanira kusandutsa udzu uja kukhala therere. Ndinatererapo kamodzi, n'kukhala pansi, kutsetsereka ndi matako mwina mamita awiri ndisanagwire tsinde la udzu. Pansi panga ndinkaona madenga a nyumba za m'mphepete mwa nyanja ngati timabokosi ta machesi. Ndinapemphera pemphero limene ndinalisiya ku Sande sukulu. Mnzanga uja sankayankhula, ankangopuma ngati ng'ombe. Tinaganiza zosabwerera njira yomweyo, tinatsikira mbali ya kuseri, ku Lombachalp, ndipo tinapeza kabasi kotsiriza katapita kalekale. Ndiye wapansi mpaka ku mudzi wa Habkern, kunja kukuda, mapazi ali matuza okhaokha. Panalibe wondilakwira. Ndinanyamuka mochedwa, sindinayang'ane za nyengo, ndipo ndinadzitama kuti munthu amene anafika pa Sapitwa sangaope kaphiri ka mamita 2,000.

Apa ndi pamene ife a kwathu timapusira. Sapitwa ndi mamita 3,002, inde, koma ku Likhubula mumanyamuka ndi wokutsogolerani, wina wakunyamulirani katundu, ndipo chiperoni chikamabwera amakuuzani kuti lero ayi. Kuno palibe amene adzakufunseni kumene mukupita. Mumagula tikiti, amakukwezani, amakutulani pamwamba, zotsalazo ndi zanu.

Choncho phunzirani zikwangwani. Chachikasu chokhachokha ndi njira ya aliyense. Chikakhala ndi nsonga ya mizere yoyera, yofiira, yoyera, imeneyo ndi njira ya m'phiri, pamafunika nsapato za mano pansi ndi mutu wosachita chizungulire. Yoyera, yabuluu, yoyera, bwererani, si yanu. Mitundu yomweyo amaipakanso pa miyala. Maola amene amalemba pa zikwangwanizo sawerengera kupuma kapena kujambula, ndipo anthu a kuno amayenda ngati akuthamangitsidwa. Akalemba maola 3, inu ndi mwana werengani 4 ndi theka.

Tsopano kumene ndikufuna mupite ndi ku Niederhorn. Ndapitako kambirimbiri ndipo sindinatopeko. Lili kumpoto kwa nyanja ya Thun, mamita 1,900 ndi kanthu. Njira yosavuta ndi basi yachikasu kuchokera ku Interlaken West kupita ku Beatenberg, kenako timabokosi toyenda pa chingwe m'mwamba tija amati gondola. Koma ngati mukufuna alamu asangalale, kwerani sitima ya pamadzi kukatsikira pa Beatenbucht, pamenepo pali kasitima ka chingwe kokwera ku Beatenberg, n'kulumikiza gondola. Zonse pamodzi, kupita ndi kubwera, zinali cha m'ma mafranki 50 kapena 60 munthu mmodzi wamkulu ngati mulibe khadi yochotsera mtengo, sitima ya pamadziyo payokha.

Mukatuluka pamwamba, nyanja ya Thun ili pansi panu yonse, kutsidya kuli Niesen, phiri losongoka ngati denga la nkhokwe, ndipo chakumanzere kwake kutali kuli akuluakulu atatu aja atavala zoyera: Eiger, Mönch ndi Jungfrau. Anthu amene amalipira ndalama zambiri kukwera Jungfraujoch saiona Jungfrau bwino chifukwa aima paphewa pake. Inu mudzaiona yonse. Kuchokera pa siteshoni yendani pa msana wa phiri kulowera ku Burgfeldstand, mamita 2,063. Njira yake ndi yotakasuka bwino, ngakhale kumanzere kuli chiphedi chogwera ku chigwa cha Justistal, ndiye mwanayo asamathamange patsogolo. Mukaona kuti miyendo ikadalipo pitirirani ku Gemmenalphorn, mukaona kuti yatha bwererani pomwepo, palibe chimene mwataya. Ubwino wa phiri limeneli ndi umenewo, mutha kuleka nthawi iliyonse.

Chimene chimandibwezera kumeneko ndi mbuzi za m'thengo zimene amazitcha Steinbock. Atonde ake nyanga zake n'zazikulu zopindikira kumsana, ndipo saopa anthu kwenikweni. Mukalawirira m'mawa mumazipeza zitagona pa miyala m'mbali mwa njira zikubzikula, kukuyang'anani ngati mwabwera kudzapempha ngongole. Musaziyandikire kwambiri ndipo musazipatse chakudya. Kwerani gondola ya m'mawa, isanakwane 9 koloko. Masana zimabisala ndipo anthu amachuluka. Potsika, pa siteshoni ya pakati yotchedwa Vorsass amabwereketsa tinjinga topanda mpando toti mutsetsereke nato mpaka ku Beatenberg. Mwanayo adzakuvutitsani kuti akwere. Kuvomera kapena kukana zili kwa inu, koma mabuleki ayeseni kaye.

Tsiku lachiwiri, ngati mukufuna kuyandikira mapiri a chipale popanda kuvutika, pitani ku Männlichen kudzera ku Grindelwald kapena ku Wengen, muyende mpaka ku Kleine Scheidegg. Ola limodzi ndi theka, njira yosalala yotsika pang'onopang'ono, khoma la kumpoto la Eiger lili pamaso panu nthawi yonse. Ndi agogo omwe amayendamo. Anthu amadzaza, koma palibe choopsa.

Wina watchula za kuyenda kuchokera pa phiri la Schynige Platte mpaka pa siteshoni ya gondola yotchedwa First, pamwamba pa Grindelwald. Ulendo umenewo ndi wokongola zedi, sindikutsutsa: kasitima kakale ka 1893 kochokera ku Wilderswil, kudutsa pa Faulhorn, mamita 2,681, pamene pali hotela yakalekale pamwamba penipeni, n'kutsikira pa kanyanja ka Bachalpsee. Koma iye sananene kuti ndi makilomita 16, maola 6 kwa munthu woyenda bwino, ndipo gondola yotsiriza ku First imatseka madzulo dzuwa likadalipo. Mukaiphonya, Grindelwald ili mamita oposa 1,000 pansi panu ndipo mudzatsika ndi mawondo anu omwewo. Kumayambiriro kwa July malo ena pamakhalabe chipale m'njira. Ndi mwana, kwerani ku Schynige Platte, muzungulire kanjira kafupi koonera nyanja, muone munda wa maluwa a m'mapiri uli pafupi ndi siteshoni, mubwerere pa sitima yomweyo.

Za Jungfraujoch. Munthu mmodzi wamkulu kuchokera ku Interlaken ndi mafranki oposa 200. Inu ndi alamu mwaona kale kuti ndi zingati. Siteshoni yake ili pa mamita 3,454, kutalika kuposa Sapitwa ndi mamita 450, ndipo mumafikapo m'maola awiri okha kuchokera pansi, thupi lisanazolowere. Mutu umapweteka, masitepe ochepa okha mumapumira m'mwamba. Njanjiyo ndi yodabwitsa, inatsegulidwa mu 1912 ndipo mbali yaikulu imadutsa mkati mwa Eiger ndi Mönch, koma tanthauzo lake n'lakuti nthawi yambiri mumangoona mdima pawindo. Ngati alamu sanapondepo chipale cha m'phiri ndipo mtima wawo uli pomwepo, pitani, sindingakuletseni. Koma musagule tikiti kudakali sabata. Dzukani m'mawa, muyang'ane makamera awo a pa intaneti. Mukaona zoyera zokhazokha, ndiye kuti kuli nkhungu, ndipo mudzalipira ndalama zonsezo kuti mukaone zimene mungaone mutafunda chinsalu kumutu. Ineyo ndalama imeneyo ndikanaigawa pa Niederhorn ndi sitima ya nthunzi ya ku Brienzer Rothorn, imene inayamba kukwera kuchokera ku Brienz mu 1892. Imatenga pafupifupi ola, utsi uli tolo, ndipo mumafika pamwamba pomwe a Hardergrat aja amafika akukwawa.

Niesen musavutike nalo pa masiku 4. Ndipo masitepe 11,674 amene mwina mwawaona pa intaneti, a m'mbali mwa njanji yake, saloledwa kuyendamo, amatsegula pa tsiku la mpikisano wothamanga basi.

Pa ndalama, werengerani bwino za Swiss Half Fare Card. Ndi ya mwezi umodzi, mtengo wake uli pakati pa mafranki 120 ndi 150, ndipo imadula theka pa sitima, mabasi, sitima za pamadzi ndi magondola ambiri. Pogula funsani Swiss Family Card, ndi yaulere, mwana wosakwana zaka 16 amayenda nayo ulere akakhala ndi kholo. Ngati mukukwera Jungfraujoch, khadiyo yabweza kale mbali yaikulu ya mtengo wake tsiku lomwelo. Kumene mukagone akupatseninso khadi ya alendo, mabasi a m'tauni ndi m'midzi yapafupi mumakwera nayo osalipira. Ndalama ya kuno ndi franki, osati yuro.

Chakudya cha pamwamba pa phiri chimaluma. Mbale ya Rösti, mbatata ya kachewere yopala n'kukazinga, ndi cha m'ma 25 kapena 30, khofi 5. Gulani kamba m'masitolo a Coop kapena Migros dzulo lake: buledi, tchizi, nthochi, mtedza. Madzi musagule. Mipope ya m'midzi ndi yabwino kumwa pokhapokha atalemba kuti Kein Trinkwasser. Koma pa msana wa phiri mipope kulibe, ndiye dzazani mabotolo musanakwere.

Pa foni ikani MeteoSwiss, ya za nyengo, ndi SBB Mobile, ya sitima ndi mabasi. MeteoSwiss ikalemba mabingu masana, khulupirirani, nyamukani m'mamawa ndipo pofika 2 koloko mukhale mukutsika. Jekete la mvula aliyense lake ngakhale pansi kukutentha, chifukwa mamita 1,000 aliwonse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ndipo musamvere zoti khungu lathu silipsa ndi dzuwa. Ine milomo inasupuka sabata yathunthu. Ng'ombe za mabelu zija n'zofatsa, koma ikakhala ndi mwana ilambalaleni patali, izi inu mukuzidziwa kuchokera kumudzi. Madzulo muyang'ane mwanayo nkhupakupa m'miyendo ndi m'khosi ngati munadutsa m'maudzu aatali.

Nambala ya helikopita yopulumutsa anthu, Rega, ndi 1414, kapena imbani 112. Ikakutengani bilu yake ndi ya masauzande, ndiye werengani inshuwalansi yanu ngati ikutchula za kupulumutsidwa m'phiri, chifukwa yotchipa imene anthu amagulira viza nthawi zina imangolipira chipatala. Ndatchula viza dala: ngati mukuyendera pasipoti ya Malawi, chilolezo chanu chokhalira ku UK sichikulowetsani ku Switzerland, pamafunika viza ya Schengen, ndipo July ali pafupi. Yambani kusaka tsiku lokaonekera panopa.

Nsapato, achimwene. Gulani sabata ino, inu ndi alamu ndi mwana, muzivale popita kuntchito ndi ku tchalitchi mpaka zifewe. Ndipo mukakumana ndi anthu m'njira apatseni moni kuti Grüessech, akuluakulu a kuno amakondwera nazo.