Ulendo wa Los Angeles mpaka New Jersey ukupweteka ndani?

Achimwene, mwafunsa ngati USC ndi UCLA, mayunivesite a ku Los Angeles ku America, sizikuluza ndalama pa maulendo kuchokera pomwe zinalowa mu Big Ten, ligi ya masewera a mayunivesite, mu 2024. Ayi, sizikuluza. Mgwirizano wa Big Ten ndi makampani a TV a Fox, CBS komanso NBC ndi wa ndalama pafupifupi madola 7 biliyoni pa zaka 7, ndiye mtengo wa ndege ndi wochepa poyerekeza ndi zimene sukuluzi zimalandira.

Chimene chimandiwawa ine ndi ana asukulu. Timu ya mpira wa ku America imasewera kamodzi pa sabata, nthawi zambiri Loweruka, ndipo imabwereka ndege yakeyake. Koma taganizirani atsikana a volleyball kapena softball, amene amasewera kangapo pa sabata. Kuchoka ku Los Angeles kukasewera ndi yunivesite ya Rutgers ku New Jersey ndi maola oposa 5 m'mwamba, kwinaku nthawi ikusiyana ndi maola 3. Abwerako atatopa, tulo tasokonekera, m'mawa mwake kalasi ikuwadikira.

Stanford ndi Cal, mayunivesite enanso a ku California, ndiye zinafika povuta. Ligi yawo ya Pac-12 itapasuka zinathawira ku ligi ina ya ACC, kumene matimu ambiri ali kugombe la kum'mawa, ndipo zinavomera kulandira gawo lochepa chabe la ndalama za pa TV.