Kusaka mankhwala pa kompyuta: kodi munthu angadyepo?

Mtsikana wina amene akumaliza digiri ya chemistry wandilembera imelo. Akuti anamva za anthu osaka mankhwala atsopano pa kompyuta, ndipo akufuna kudziwa ngati ndi ntchito yeniyeni, poyambira pake ndi pati, komanso ngati laputopu yake yakale ingakwanitse.

Chemwali, ntchitoyo ilipo ndithu, ndipo ine ndimaikonda. Koma mumve kaye zimene zimachitikamo.

Kachilombo kalikonse kamadalira mapuloteni ake. Puloteni imakhala ndi kamphako kogwirira ntchito, ndipo mankhwala ambiri ndi kamolekyulu kolowa m'kamphakomo n'kutsekamo. Pa docking, pulogalamu imalowetsa molekyulu m'kamphako, kuitembenuza uku ndi uku, n'kupereka malikisi. Virtual screening ndiko kubwereza zomwezo pa mamolekyulu ankhaninkhani. Mu 2019 ofufuza a ku University of California, San Francisco ndi anzawo anayesa mamolekyulu 138 miliyoni pa puloteni imodzi ya mu ubongo. Amene anawapangadi n'kukawayesa mu labu anali 549 okha, ndipo ambiri mwa iwo sanagwire. Kompyuta imapeta basi, kuchotsa gaga. Nsima imaphikidwa ku labu.

Ndikukakamira pamenepa chifukwa nthawi ya Covid-19 kunatuluka mapepala ambirimbiri a anthu amene anatenga mamolekyulu a m'zitsamba, kuwaponya mu pulogalamu, n'kulengeza kuti apeza mankhwala. Zimandipweteka, poti ena anali ophunzira akhama amene anangosowa wowauza kuti malikisi a docking si umboni. Pulogalamu imakondera mamolekyulu akuluakulu, siiwerengera bwino madzi a m'kamphako, ndipo nthawi zambiri imatenga puloteni ngati chinthu chosagwedezeka pamene m'thupi imapindika. Wodziwa chemistry amangoyang'ana molekyulu n'kuona kuti iyi siisungunuka, iyi chiwindi chiiphwanya isanafike kulikonse. Digiri yanuyo ndiye chuma chanu. Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, munthu amaphunzira pa miyezi ingapo, koma diso limenelo limatenga zaka.

Poyambira ndikupatseni nkhani yakwathu. Mu 1993 Malawi anasiya chloroquine n'kuyamba Fansidar, ndipo mu 2007 Fansidar nayenso anapatsira LA malo. Chinachitika n'chiyani? Mu Fansidar muli pyrimethamine, amene amatseka puloteni ya kachilombo ka malungo yotchedwa DHFR. Puloteni ndi mkanda wa timamolekyulu totchedwa ma amino asidi, ndipo kachilombo kanasintha amino asidi wa pa nambala 108, serine n'kukhala asparagine. Asparagine ndi wamkulupo, ndiye amagundana ndi mphete ya pyrimethamine, mankhwala osakhazikikanso bwino. Kusintha kwina pa 51 ndi 59 kunangowonjezera vutolo. Mu 2003 gulu la Yongyuth Yuthavong ku Thailand linatulutsa maonekedwe a puloteniyi, ndipo poyang'ana kamphako komweko anadzapanga P218, molekyulu yopindika imene imazemba asparagine uja. P218 anafika poyesedwa pa anthu.

Zimenezi mutha kuziona ndi maso anu sabata ino. Lowani pa Protein Data Bank, nkhokwe ya pa intaneti ya maonekedwe a mapuloteni, imene inayamba mu 1971 ndi mapuloteni 7 ndipo lero ili ndi maonekedwe oposa 200,000, zonse zaulere. Tengani DHFR ya Plasmodium falciparum, kachilombo ka malungo kaja, yokhala ndi mankhwala m'kati, itsegulireni mu pulogalamu yoonetsa mamolekyulu yotchedwa PyMOL, pezani nambala 108, muizungulize mpaka muone pamene pakugundanapo. Kenako chotsani mankhwalawo, muwabwezeremo ndi pulogalamu ya docking yotchedwa AutoDock Vina. Akabwerera pafupi ndi pomwe anali, osapitirira ma angstrom 2 (angstrom ndi muyeso wa utali pakati pa maatomu), makonzedwe anu ali bwino. Akagona chozondoka, fufuzani chifukwa chake. Maphunziro enieni ali pamenepo. Laputopu yanu ikwanitsa zimenezi pa mphindi zochepa. Mamolekyulu mamiliyoni aja ndi amene amafuna makompyuta akuluakulu a ku yunivesite.

Pambuyo pake phunzirani Linux (pulogalamu yoyendetsa kompyuta), Python ndi RDKit (zida za chemistry za pa kompyuta), muzolowere nkhokwe za mamolekyulu za ChEMBL ndi ZINC. Za pulogalamu ya AlphaFold mudzamva zambiri, makamaka chilandirireni Nobel eni ake Demis Hassabis ndi John Jumper mu 2024. Imathandiza, koma imalosera maonekedwe a puloteni, siikuuzani mankhwala amene achize munthu.

Tsono za kudyapo. Kwathu kuno malo olemba anthu a ntchitoyi ndi ochepa kwambiri, ndisakunamizeni. Makampani ali ku Boston, Cambridge ndi Basel, ndipo amafuna Masters, kawirikawiri PhD. Pafupi nafe pali labu yofufuza mankhwala ya H3D ku University of Cape Town, imene Kelly Chibale, mwana wa ku Zambia, anayambitsa mu 2010. Kumeneko kunachokera MMV048, mankhwala a malungo amene anafika poyesedwa pa anthu. Ku Rhodes University kuli RUBi, gulu la Özlem Tastan Bishop, lomwe linasonkhanitsa mamolekyulu a zachilengedwe za ku South Africa mu nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa SANCDB. Ndipo njira ikakhota, Python ndi Linux zomwezo zimafunika pa kafukufuku wa majini a tizilombo.

Mukamalembera aphunzitsi kupempha malo a Masters, tumizani ntchito ya DHFR ija, ndi zimene zinakanika zomwe. Muwafunsenso funso ili: mamolekyulu amene ndidzasankhe, adzawayesa mu labu ndani? Akapanda kuyankha zomveka, lemberani kwina.