Yankho kwa achemwali a ku Bangula pa za apilo ya alongo awo

Achemwali, pepani ndi zomwe zagwa pakhomo panu. Mwanena kuti alongo anu anagamulidwa sabata yatha kukhoti la majisitireti kuti akakhale kundende zaka 6 pa mlandu wa ng'ombe, kuti abale akuti mupite ku Supreme Court ku Blantyre, ndipo mukufunsa ngati munthu wamba amaloledwa kulowa mu ofesi ya akalaliki kumeneko komanso zomwe angakuchitireni. Mwatchulanso za bambo wina amene akufuna ndalama kuti "ayendetse fayilo". Ndiyankha zonse, koma ndiyamba ndi zomwe sizingadikire.

Musakwere minibasi ya ku Blantyre mawa. Choyamba werengani masiku. Pa mlandu wa upandu womwe wagamulidwa ndi majisitireti, lamulo limapereka masiku 10 kuchokera tsiku la chigamulo kuti munthu adziwitse khoti mwa kalata kuti akufuna kuchita apilo. Kalatayi siyofuna Chingelezi chozama. Imangonena dzina la wogamulidwa, nambala ya mlandu, khoti lomwe linagamula, tsiku lake, ndi kuti sakukhutira ndi kupezeka wolakwa, kapena ndi kukula kwa chilango, kapena zonse ziwiri. Zifukwa zenizeni za apilo zimabwera pambuyo m'chikalata china, ndipo chimenecho chili ndi masiku ake 30. Mwini apilo ndi alongo anu, osati inu, ndiye kalata ikhale m'dzina lawo ndipo asayine okha. Popeza ali mkati, lamulo limawalola kupereka mapepala awo kudzera kwa mkulu wa ndende yomwe akusungidwa, kaya ndi ku Nsanje, ku Chikwawa kapena awasamutsira ku Chichiri. Mukapita kukawaona, muwauze apemphe zimenezi tsiku lomwelo. M'ndende zambiri mumafikanso ma paralegal, anthu ophunzitsidwa za malamulo koma osati maloya, monga a bungwe la PASI, amene amathandiza akaidi kulemba zotere.

Ngati masiku 10 adutsa kale, musataye mtima. High Court ili ndi mphamvu yolandira apilo yochedwa pakakhala chifukwa chomveka, koma muyenera kupempha, ndipo chifukwacho chilembedwe m'chikalata cholumbira. Kwathu kuno zifukwa zomveka zilipo ndithu: ndani sakumbukira mmene msewu unadukira nthawi ya namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, anthu a ku East Bank ndi ku Makhanga osatha kuwoloka? Koma "tinkasonkha ndalama" kapena "tinkadikira malume abwere ku Joni" jaji sachedwa kuzikana.

Tsopano za Supreme Court. Abale anuwo akulitchula chifukwa ndi lomwe tonse tinalimva pawailesi pa 8 Meyi 2020, pomwe majaji 7 anavomereza chigamulo cha pa 3 Febuluwale chothetsa chisankho cha pulezidenti cha 2019. Koma mlandu sudumpha makwerero. Wochokera kwa majisitireti umapita ku High Court, ndipo ya ife a Chikwawa ndi Nsanje ndi ya ku Chichiri ku Blantyre. Supreme Court of Appeal imamva apilo yochokera ku High Court. Ndipo pa mlandu ngati wa alongo anuwu, mukadzafika kumeneko kachiwiri, adzangomva nkhani ya malamulo basi; zoti ng'ombe inali ya ndani kapena kuti zaka zachuluka, High Court ikagamula zathera pomwepo. Choncho mphamvu zanu zonse ziikeni pa apilo yoyambayi.

Ofesi yomwe mukufunsa imatchedwa registry, ndipo mkulu wake ndi Registrar wa High Court ndi Supreme Court of Appeal, mothandizidwa ndi achiwiri ake ndi akalaliki. Inde, munthu wamba amalowa. Simufunika loya kuti mufike pawindo, simufunika kalata ya amfumu, ndipo polowa salipiritsa. Malamulo aakulu a dziko lino, ndime 41, amapereka ufulu kwa aliyense wofikira makhoti, ndipo ndime 42 imapereka kwa wogamulidwa ufulu wa apilo kukhoti lapamwamba. High Court inagawidwa m'zigawo, monga cha milandu ya upandu, cha milandu ya pakati pa anthu, cha malonda, cha za mabanja ndi chuma cha masiye, cha misonkho, ndipo chilichonse chili ndi akalaliki ake. Inu mukafunse registry ya Criminal. Mukaima pawindo lolakwika mutha kutaya m'mawa wonse.

Ntchito yawo ndi ya mapepala ndi masiku. Amalandira zikalata, amadinda chidindo chosonyeza tsiku lomwe zalandiridwa, amatsegula fayilo ndi kuipatsa nambala, amaitanitsa rekodi ya mlandu kukhoti laling'ono, amaika mlandu pa ndandanda ya jaji, amatumiza makalata odziwitsa mbali zonse za tsiku lomvera, ndipo chigamulo chikatuluka ndi komwe mumakatenga kope lake. Mukawapatsa nambala, atha kukuuzani ngati fayilo yafika, ili kwa jaji uti, ndi ngati tsiku laikidwa. Zomwe sangachite ndi kukuuzani zolemba m'zifukwa za apilo, kukusankhirani jaji, kulosera ngati mupambana, kapena kutulutsa munthu m'ndende. Kalaliki akakana kukulangizani za malamulo, sikuti ndi mwano. Ntchito yake simulola, chifukwa amatumikira mbali zonse ziwiri.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa pomwe anthu ambiri akwathu amagwera ndi pa nambala ndi pa rekodi.

Ku registry safufuza munthu ndi dzina la mudzi kapena la mfumu. Amafuna nambala ya mlandu. Ili pamwamba pa pepala la mlandu, yolembedwa Criminal Case No. yakuti of chaka chakuti, pamodzi ndi dzina la khoti ndi giredi ya majisitireti. Imeneyo mukaitenge kwa kalaliki wa khoti lomwe linagamula, kwanu konko, musanawononge ndalama ya ulendo. Fayilo ikafika ku Chichiri imapatsidwa nambala ina yatsopano, ya Criminal Appeal, ndipo kuyambira pamenepo ndiyo imagwira ntchito. Zonse ziwiri muzilembe mu kope laling'ono lomwe lizikhala la mlanduwu lokha, ndipo muzijambulenso pafoni.

Rekodi ndi zonse zomwe zinalembedwa mlandu uli mkati: mlandu womwe anawerengeredwa, mmene anayankhira, zomwe mboni iliyonse inanena, mafunso, chigamulo, ndi zomwe anadandaula asanapatsidwe chilango. M'makhoti athu ambiri majisitireti amalemba yekha pamanja, m'Chingelezi, kuchokera pa zomwe womasulira akunena. Kenako zimenezo ziyenera kutayipidwa ndi kutumizidwa ku High Court. Apilo zambiri zimagona pamenepa, osati kwa jaji. Mukhoza kupita ku Blantyre n'kungouzidwa kuti rekodi sinafike, pomwe ili mu kabati pa Boma panu, pamtunda woti mukanafika pa kabaza. Ndiye muzikumbutsa mbali zonse, koma makamaka khoti laling'onolo. Nkhani ya mafayilo si yaing'ono m'dziko muno: pambuyo pa mlandu wa Kafantayeni wa 2007, womwe unathetsa zoti wopezeka wolakwa pa kupha azingogamulidwa kunyongedwa basi, makhoti atayamba kumvanso zilango za akaidi aja mu 2015, zinapezeka kuti mafayilo a ambiri anali atasowa. Mukapeza kope la chigamulo kapena la rekodi, musunge mu pulasitiki, pamwamba, poti kwathu kuno madzi safunsa.

Chifukwa chake rekodi ili yofunika chonchi n'chakuti apilo si kuyambanso mlandu. Jaji saitananso mwini ng'ombe, wa komiti ya msika kapena mnyamata wobusa. Amawerenga zolembedwa n'kuona ngati majisitireti analakwitsa pa malamulo, ngati umboni unalidi wokwanira, kapena ngati chilango chapitirira muyeso. Mboni zatsopano amazilola mwa apo ndi apo kwambiri. Ndiye powerenga rekodi muonetsetse zinthu ngati izi: kodi alongo anu anavomera mlandu kapena anakana? Ngati anavomera, apilo yawo imangokhudza chilango, pokhapokha kuvomerako kutakhala kuti sikunali komveka bwino. Kodi anapatsidwa mpata wofunsa mboni ndi woitana zawo? Kodi ankamva zomwe zinkanenedwa? Ili ndi funso lenileni kuchigwa kuno, komwe munthu amaganiza m'Chisena, womasulira akulankhula Chichewa cha kumtunda, majisitireti akulemba Chingelezi. Malamulo aakulu amati munthu azengedwe m'chilankhulo chomwe amamva, apo ayi boma limupezere womasulira. Ngati apa panavuta, loya auzidwe.

Dziwaninso kuti kuba ziweto chilango chake chimafika zaka 14, ndipo High Court ili ndi mphamvu yochepetsa, yosiya momwemo, ngakhalenso yowonjezera. Sindikukuopsezani, koma n'chifukwa chake ndikuti munthu wodziwa malamulo aone fayilo musanalimbikire. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau. Ndi bungwe la boma lothandiza osowa, ndipo ku Blantyre ali ndi ofesi. Tengani manambala aja ndi kope la chigamulo.

Pali njira inanso yomwe ambiri saidziwa. Chilango chopitirira zaka ziwiri chochokera kwa majisitireti chimayenera kupita ku High Court kuti jaji akachione ndi kuchitsimikiza, ngakhale munthu asanachite apilo. Amati confirmation, ndipo nayo imakhala ndi nambala yake. Ndiye pawindo mufunsenso ngati fayilo ya alongo anu inabwera mwa njira imeneyi. Koma musaigonere, chifukwa mafayilo oterewa ndi ambiri ndipo amachedwa. Ena jaji amafika powaona munthu atatsala pang'ono kutuluka, makamaka poti wamakhalidwe abwino amachotseredwa gawo limodzi mwa magawo atatu a chilango chake. Za belo podikira apilo, imapemphedwa, koma imaperekedwa pa zifukwa zapadera zokha, poti munthu amakhala atapezeka kale wolakwa.

Tsiku lopita ku Chichiri likafika, nyamukani ndi minibasi yoyamba. Kuchokera ku Bangula kudutsa Ngabu, Nchalo, mlatho wa Kamuzu, kukwera mapiri a ku Thabwa, mukafika dzuwa litakwera, ndipo nthawi ya nkhomaliro mawindo amakhala opanda anthu. Khoti lili pafupi ndi Kamuzu Stadium, aliyense akulozerani. Pitani pakati pa Lolemba ndi Lachisanu, osati tsiku la tchuthi. Tengani chiphaso chanu cha unzika. Pepala lililonse lomwe mukukapereka lichulukitseni makope atatu, ndipo limodzi libwerere m'manja mwanu litadindidwa chidindo cha tsikulo. Musachoke ndi mawu apakamwa oti "tazilandira, pitani". Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsiku lina fayilo ikadzasokonekera, kope lodindidwalo ndi lomwe lidzasonyeze kuti munapereka mu nthawi yake. Lembaninso mu kope lanu lija tsiku ndi zomwe mwauzidwa.

Panja pa zipinda zozengera pamakhala bolodi lomwe amamatapo ndandanda ya milandu: nambala, mayina, jaji ndi ola. Aliyense ali ndi ufulu wowerenga, komanso wolowa kukakhala kumbuyo n'kumamvera, kupatula milandu ya ana ndi ina yomwe jaji walamula kuti imvedwe mseri. Foni muzimitse, musajambule, muvale modzilemekeza. Ine ndimalimbikitsa anthu kukhala nawo pa apilo ya munthu wina ngakhale kwa ola limodzi, chifukwa mantha amachepa ukaona kuti ndi anthu akungowerengerana mapepala. Fayilo yeniyeniyo sangangokupatsani kuti muvundukule chifukwa ndinu mlongo wake. Amene ali ndi ufulu wonse pa iyo ndi mwini mlandu ndi loya wake, ena amapempha mwa kalata kwa Registrar. Zigamulo zambiri za High Court ndi Supreme Court zili pa intaneti pa MalawiLII, zaulere. Mwana wa sukulu amene amamva Chingelezi atha kukufufuzirani milandu ya ng'ombe kuti muone zaka zomwe majaji akhala akupereka ndi zifukwa zomwe amachepetsera, monga kukhala koyamba kulakwa kapena ziweto kupezeka.

Wina mu ndemanga pagulu pano wafunsa za apilo pa mlandu wa ngongole. Umenewo masiku ake ndi ena: kuchokera kwa majisitireti ndi masiku 14, pamakhala ndalama zolipira popereka mapepala, ndipo kuchita apilo pakokha sikuletsa a sheriff kudzalanda katundu. Muyenera kupempha padera kuti chigamulo chiyambe chaimitsidwa.

Za bambo wofuna ndalama uja, musamupatse ngakhale ya fanta. Ndalama iliyonse yovomerezeka kukhoti imalipiridwa kwa kashiya ndipo mumalandira lisiti la boma. Wokumana nanu pansi pa mtengo, kapena wokuuzani kuti mutumize pa foni kuti "abwana aone msanga", ameneyo ndi dobadoba, ndipo ngati ndi wogwira ntchito m'khoti momwemo, nkhani yake ndi ya Anti-Corruption Bureau. Fayilo ikachedwa mopitirira, njira yake ndi kalata yopita kwa Registrar, yotchula manambala onse awiri ndi masiku, kope lake n'kudinditsanso. Ngati yakakamira kukhoti laling'ono, lemberani Chief Resident Magistrate wa chigawo cha kumwera ku Blantyre. Ndipo chonde, dzina la alongo anu ndi nambala ya mlandu musaziike pagulu pano. Madobadoba nawonso ali momwemuno, ndipo akaziona akuimbirani usiku womwe uno akudzitcha akalaliki a ku Chichiri.