Mwana wachira, kodi inhela yabulauni tiisiye?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni, ndipo ndaifupikitsa. Mwana wawo wamwamuna wa zaka 9 anagonekedwa m'chipatala mwezi wa July chifukwa cha mphumu. Potuluka anapatsidwa ma inhela awiri, yabuluu ndi yabulauni. Mayiwa akuti: "Pano papita miyezi iwiri osabanika. Apongozi anga akuti ndimusiyitse zopoperazi chifukwa munthu akazizolowera sasiya, zimafooketsa mtima, ndiponso mwana sakula. Akuti bola mapilitsi kapena sirapu. Ine ndaganiza zongosunga yabuluu ya tsiku la vuto, yabulauniyo ndisiye poti sindiona chomwe imachita. Ndikulakwitsa?"

Mayi, zikomo polemba. Yankho langa ndi lakuti yabulauniyo musaisiye panokha, chifukwa pa ma inhela awiriwa ndi iyo imene ikuchiza mwana wanu. Kuti papita miyezi iwiri osabanika, mwina ndi ntchito yake yomwe mukuti simuiona ija.

Mitundu imasiyana malinga ndi kampani, choncho werengani dzina pa kachitsulo. Kawirikawiri kuno kwathu yabuluu ndi salbutamol, imene ambiri amangoti Ventolin, ndipo yabulauni ndi beclometasone. Munthu wa mphumu timinjira ta mpweya m'mapapo mwake timakhala totupa mkati ngakhale tsiku limene akuthamanga pabwalo ali bwinobwino. Kukabwera Chiperoni, utsi wa mbaula, fumbi kapena chimfine, minofu yozungulira timinjirato imafinyika, mpweya n'kumadutsa movutikira, chifuwa n'kuyamba kulira. Salbutamol amamasula minofu ija m'mphindi zochepa, n'chifukwa chake aliyense amamukonda, koma kutupa kuja sakukhudza n'komwe. Beclometasone ndi amene amaphwetsa kutupako, pang'onopang'ono, pa masiku ndi masabata, moti mwana sangamve chilichonse atangopopera. Mphumu ili ngati moto wa pa mulu wa utuchi: pamwamba pakuoneka kuti pazima, pansi pakunyeka, ndipo kamphepo kakangowomba malawi abuka.

Apongozi anu musawatsutse zonse, pali pomwe akunena zoona. Ku New Zealand, kuyambira cha mu 1976, anthu omwalira ndi mphumu anachuluka modabwitsa. Mu 1989 ofufuza a ku Wellington anaonetsa kuti imfazi zinkagwirizana ndi inhela ina yamphamvu yomasula chifuwa yotchedwa fenoterol, imene inali itangofala m'dzikomo. Ataichotsa m'manja mwa anthu, imfa zinatsika msanga. Zofanana ndi izi zinali zitachitikapo ku Britain m'zaka za m'ma 1960 ndi inhela ya isoprenaline yamphamvu kwambiri. Ndiye mbiri yoti inhela inavulazapo anthu si yongopeka. Koma taonani kuti ma inhela onsewa anali a gulu la yabuluu, omasula chifuwa basi. Anthu ankapopera, kumva bwino, kupoperanso, osapita kuchipatala, kutupa kukukulirakulira mkati. Salbutamol si fenoterol, ndipo akagwiritsidwa ntchito moyenera amapulumutsa moyo. Choopsa ndi kudalira iye yekha, zomwe ndi ndendende zimene mwaganiza kuchitazi.

Mu 2014 bungwe la madokotala ku Britain la Royal College of Physicians linatulutsa lipoti la anthu 195 amene anamwalira ndi mphumu. Pa omwe ankagwiritsa ntchito inhela yomasula chifuwa, 39 pa 100 alionse anali atalemberedwa ma inhela oposa 12 m'chaka chimodzi, pamene ambiri ankatenga inhela yoteteza ija mocheperapo kusiyana ndi momwe anayenera. Kafukufuku wina amene akuyankha funso lanu mwachindunji anachitika ku Saskatchewan m'dziko la Canada ndipo anasindikizidwa mu 2000. Anatsatira anthu oposa 30,000 a zaka 5 mpaka 44. Anapeza kuti amene ankapopera mankhwala a gulu la beclometasone mosadumphitsa, ngakhale pa mlingo wochepa, chiopsezo chawo chomwalira chinali chotsika, ndipo m'miyezi itatu yoyamba munthu atasiya mankhwalawa imfa zinali zambiri kuposa pakati pa omwe anapitiriza.

Umboni wotere unachuluka mpaka mu 2019 bungwe la GINA, limene limalemba malangizo a kasamalidwe ka mphumu omwe mayiko ambiri amatsatira, linasintha zomwe madokotala anakhala akuphunzitsidwa kwa zaka zambiri. Linati akulu ndi achinyamata asamapatsidwe salbutamol yekha, ngakhale mphumu yawo ikhale yooneka yaing'ono. Chimodzi mwa zomwe zinawakankha ndi kafukufuku wa SYGMA wa mu 2018. M'gawo lake loyamba, la anthu oposa 3,800, ena ankapopera mankhwala omasula okha akabanika, ena inhela imodzi yosakaniza omasula ndi ophwetsa kutupa, budesonide ndi formoterol. Kubanika koopsa kunatsika ndi 64 peresenti kwa a inhela yosakanizayo. Kafukufukuyu anali wa anthu a zaka 12 kupita m'mwamba, ndipo inhela yosakanizayo kuno imapezeka m'mafamase ena okha pa mtengo woboola m'thumba, choncho sindikukuuzani kuti mukaifunefune. Kwa mwana wa zaka 9 amene wagonapo kale m'chipatala, njira yodziwika bwino ikadali yomwe anakupatsaniyo: yabulauni tsiku lililonse, yabuluu akabanika.

Nkhani yozolowera ndi yosavuta kuyankha. Mankhwalawa alibe chibaba ngati fodya. Munthu amene inhela yabuluu sichoka m'thumba mwake sikuti wazolowera, koma mphumu yake sikusamalidwa bwino, ndipo nthawi zambiri mankhwala ake ndi yabulauni yomweyo. Madokotala amati mwana akamafuna yabuluu kuposa kawiri pa sabata, kapena akamadzuka usiku ndi chifuwa, kapena mukamaliza ma inhela abuluu atatu pa chaka, abwerere kuchipatala akaonedwenso.

Za kukula ndiye sindikubisirani, pali kanthu. Ku America kunachitika kafukufuku wotchedwa CAMP, wa ana oposa 1,000, ndipo ena mwa iwo anapopera budesonide tsiku ndi tsiku kwa zaka zinayi kapena kuposerapo. Anawatsatira mpaka atakula, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2012. Amene anapopera mankhwalawa anali afupi ndi masentimita 1.2 poyerekeza ndi anzawo. Kusiyanaku kunachitika m'zaka ziwiri zoyambirira ndipo sikunapitirire kukula chaka ndi chaka. Sentimita imodzi ndi pang'ono, pa munthu wamkulu. Mbali inayo pali mwana wosagona usiku, wojomba kusukulu, wosasewera mpira, ndiponso mapilitsi a prednisolone amene amapatsidwa akabanika kwambiri. Mapilitsiwa ndi a gulu lomwelo la mankhwala, koma mlingo wake ndi waukulu kutalitali ndipo amayenda thupi lonse. Mwana womwa prednisolone kangapo pa chaka akulandira mankhwala ochuluka kuposa amene akupopera kabulauni kake m'mawa ndi madzulo. Kwa ine sikelo yake ndi yoonekeratu komwe yapendekera.

Pamenepa ndi pomwe maganizo oti bola mapilitsi kapena sirapu amagwera. Salbutamol wakumwa ayenera kudutsa m'mimba, kulowa m'magazi, kuzungulira thupi lonse kuti kagawo kena kafike m'mapapo. Amachedwa kugwira ntchito, ndipo ndi amene amanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima kwambiri. Wopopera amapita komwe kuli vuto, pa mlingo wochepa kwambiri. Ngati nkhawa ya agogo ndi mtima wa mdzukulu wawo, sirapuyo ndi amene ayenera kumukayikira. Ndikudziwa chifukwa chake anthu amakhulupirira mapilitsi. Kwa zaka zambiri ndi omwe ankapezeka m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo inhela inkaperekedwa kwa amene matenda afika povuta, ndiye anthu anayamba kuona ngati inhela ndi chizindikiro cha munthu wotsala pang'ono.

Pali chinthu chimodzi chomwe simunafunse koma ndi chofunika kuposa zambiri zomwe ndalembazi: mwana wanu akupopera bwanji? Ana ambiri, ndi akulu omwe, akaika inhela mkamwa mwachindunji mankhwala ambiri amathera pa lilime ndi kukhosi, chifukwa kudina ndi kukoka mpweya pa nthawi imodzi n'kovuta. Pamafunika chotengera pakati pa inhela ndi pakamwa, chomwe kuchipatala amati spacer. Za m'famase ndi zodula, koma Dr Heather Zar ndi anzake pa chipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town anayesa botolo wamba la pulasitiki la 500 ml pa ana obanika, ndipo mu 1999 magazini ya Lancet inasindikiza zotsatira zake. Botolo linagwira ntchito mofanana ndi spacer yogula. Kapu ya pulasitiki yofewa ija, yomwe anaiyesanso, ndi imene inalephera.

Kapangidwe kake nkosavuta. Tengani botolo la madzi kapena la zakumwa la 500 ml, mulitsuke ndi madzi a sopo wa mbale, mulisiye liume lokha osalipukuta ndi nsalu, chifukwa kupukuta kumachititsa kuti mankhwala azimata m'mbali mwa botolo. Kunsi kwake boolani bowo lofanana ndi kukamwa kwa inhela, loti ikalowa ithine bwino. Mwana aziika milomo kukamwa kwa botolo. Gwedezani inhela, dinani kamodzi kokha, mwana apume bwinobwino m'botolomo kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kenako mugwedezenso ndi kudina kachiwiri ngati analembera kawiri. Osadina kawiri motsatizana. Akamaliza yabulauni achukuche mkamwa ndi madzi n'kulavula, kupewa zilonda zoyera za mkamwa ndi kusasa mawu. Njira yabwino yosaiwalira ndi kuika inhela pamodzi ndi mswachi, azipopera kenako n'kutsuka mano. Ulendo wotsatira kuchipatala mutenge botololo, mwana apopere pamaso pa a dokotala kapena anamwino aone ngati akukhoza.

Zoti kuphunzitsa kotereku kumathandiza sizochokera kunja kokha. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre konkuno, Dr Sarah Rylance ndi anzake anachita kafukufuku wa ana 120 a mphumu a zaka 6 mpaka 15, amene anasindikizidwa mu 2021. Theka la anawo linalandira chisamaliro cha masiku onse. Theka linalo linapimidwa mofatsa, mankhwala awo opopera anakonzedwa moyenera, ndipo ana ndi makolo awo anakhala pansi ndi aphunzitsi amene sanali madokotala, ongophunzitsidwa za mphumu, n'kuwafotokozera za matendawa ndi kapoperedwe. Patatha miyezi itatu, ana a gulu lachiwirili ankabanika mochepa, ankathamangira kuchipatala mochepa, ndipo masiku ojomba kusukulu anatsika. Chimene chimandisangalatsa pa kafukufukuyu n'chakuti panalibe mankhwala achilendo. Anali ma inhela omwewa muli nawo m'nyumbamo, kuphatikiza munthu wokhala ndi nthawi yofotokoza, chinthu chomwe pa mzere wa anthu mazana awiri dokotala sakhala nacho.

Tsono kodi adzapopera mpaka kalekale? Osati kwenikweni. Malangizo amati mwana akakhala bwino kwa miyezi itatu yathunthu, osadzuka usiku, osafuna yabuluu pafupipafupi, akusewera ngati anzake, dokotala akhoza kutsitsa mlingo pang'onopang'ono n'kumaona momwe zikuyendera. Inu muli pa miyezi iwiri, ndipo mwanayu wachoka kumene m'chipatala. Nthawi yotsitsira isankhidwenso mwanzeru. Wa mphumu yobuka nyengo yozizira sangatsitsiridwe mankhwala mu May, June ali pakhomo. Ana ena akamakula mphumu imazilala, ena imabwerera ali akuluakulu, ndipo palibe angakulonjezeni kuti wanu adzakhala mbali iti. Yabulauni ikasowa kuchipatala, monga zimachitikira, ndipo ndalama ikukwana, iguleni ku famase m'malo modikira mwezi wathunthu. Kachitsulo kamodzi ka inhela kamakhala ndi mapafu 200 (pafu imodzi ndi kudina kamodzi), ndiye werengerani nokha kuti kadzatha liti malinga ndi momwe analembera, chifukwa kakatha kamapitiriza kutulutsa mpweya ngati muli mankhwala.

Kunyumba chitani zomwe mungathe: asakhale m'khitchini mbaula ikufuka, wosuta fodya akasutire panja, zinyalala musaotche pafupi ndi zenera lake, ndipo usiku neti ndi yabwino kuposa koyilo ya udzudzu. Koma izi sizilowa m'malo mwa mankhwala.

Apongozi musakangane nawo. Ulendo wotsatira wa kuchipatala apempheni akuperekezeni, afunse okha mafunso awo, chifukwa masiku ena mwanayu adzakhala ali ndi iwo inu kulibe. Iwo ndi aphunzitsi ake kusukulu adziwe izi: mwana akalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, khungu likamalowa pakati pa nthiti kapena pakhosi akamapuma, milomo ikayamba kuda, kapena akafooka n'kumasinza, mupatseni yabuluu kudzera m'botolo, pafu imodzi imodzi mpaka khumi, ndipo muzichita zimenezi muli kale pa ulendo wa kuchipatala, ngakhale pakati pa usiku.